Kuthamanga si kufika: wakabaza asunge mphamvu pachitunda

M'mawa uliwonse pa Mchinji boma, dzuwa lisanayambe kuswa mtengo, njinga zakapalasa zimakhala zitandanda kale pafupi ndi msika komanso pamalo otsikira minibasi. Ena mwa eni ake amakhala akupopa matayala, ena akuthira oyilo patcheni, ena maso ali kumsewu kudikira amene atsike ndi katundu.

Mnyamata amene wapeza kasitomala woyamba amanyamuka ngati wathamangitsidwa ndi njuchi. Pachitunda choyamba amaimirira pamapedulo, mitsempha ya m'khosi itatukuka, njinga ikupendekera uku ndi uku. Anzake amamuchemerera ndipo wokwera amamuyamikira kuti ndi chamuna.

Koma mnyamata yemweyo mukamuona cha m'ma 2 koloko masana mumamva chisoni. Wagona chagada pansi pa mtengo wa mango, miyendo ikunjenjemera, makasitomala akumudutsa kupita kwa bambo wina wachikulire amene m'mawa uja amaoneka ngati waulesi chifukwa adatsika n'kukankha njinga pachitunda chomwe chija.

Nkhani ili apa ndi yakuti pakati pa awiriwa, wodziwa ntchito ndi bambo uja. Ndipo zimene iye akuchita mongozolowera ndi zomwezo zimene akatswiri a mpikisano wa triathlon kumaiko akunja amalipira ndalama zambiri kuti aphunzitsidwe.

Triathlon ndi mpikisano wa magawo atatu otsatizana popanda kupumula: kusambira, kupalasa njinga, kenako kuthamanga. Pamasewero a Olympics, kumene udalowa koyamba mumzinda wa Sydney m'chaka cha 2000, munthu amasambira kilomita imodzi ndi theka, n'kupalasa makilomita 40, n'kumaliza ndi kuthamanga makilomita 10.

Ulipo wina woposa apa wotchedwa Ironman, umene udayambira ku Hawaii m'chaka cha 1978. Uwu ndi wa makilomita 3.8 m'madzi, 180 panjinga ndi 42 wapansi. Makilomita 180 ndiye kuti munthu wachoka pa Mchinji boma, wafika ku Lilongwe, kumene ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 110, watembenuka n'kubwerera ulendo woposa theka. Akatsika panjingapo mpamene amayamba kuthamanga.

Apa mpamene pagona phunziro. Mumpikisano wa njinga wamba, munthu akafika pamzere womaliza wathana nazo, angathe kugwa pansi n'kupuma. Mu triathlon, wopalasa amadziwa kuti miyendo yomweyo ili ndi ntchito ina kutsogolo. Amene wawononga mphamvu zonse pazitunda amakalipira ngongoleyo pothamanga, ndipo thupi silikhululuka ngongole.

Dziko lidaona zimenezi mu February 1982 ku Hawaii pamene mtsikana wa ku America, Julie Moss, amene amatsogola pakati pa amayi, adagwa atatsala pang'ono kumaliza chifukwa madzi ndi mphamvu zidamuthera m'thupi. Adamaliza chokwawa, mnzake Kathleen McCartney atamudutsa kale.

Zidachitikanso m'chaka cha 2016 ku Cozumel, m'dziko la Mexico. Jonny Brownlee wa ku Britain amatsogola, koma kutentha ndi kutopa zidamusokoneza mpaka kuyamba kudzandira ngati woledzera mzere womaliza uli pafupi. Mkulu wake, Alistair, adachita kumugwirizira mpaka kumukankhira pamzerepo, Henri Schoeman wa ku South Africa atawadutsa n'kupambana.

Abale awiriwatu ndi anthu okhala ndi madokotala, aphunzitsi ndi zakudya zoyezedwa bwino. Nanga kuli bwanji mnyamata wa kwa Mkanda kapena ku Kamwendo amene wadzuka ndi tiyi wopanda mkaka n'kumanga matumba awiri a soya pakaliyala?

Wakabaza nayenso ali ndi magawo ake atatu, kungoti palibe amene amamuombera m'manja. Nthawi ya dzinja amayamba ndi khasu kumunda, kenako njinga tsiku lonse, madzulo n'kupalasanso kubwerera kumudzi. Choposa apo, mawa ayenera kudzuka n'kuchitanso chimodzimodzi, pomwe wa Ironman akamaliza mpikisano amapuma masiku angapo.

Anthu ena amati Mchinji ndi dera lachidikha, lopanda zitunda zodetsa nkhawa poyerekeza ndi Ntcheu kapena Dedza. Onena zimenezi ndi oyenda pagalimoto. Wopalasa njinga amadziwa kuti msewu ukatsikira kudambo kapena kumtsinje monga Bua ndi Rusa, kutsidya kwake kuli chikweza chomudikira. Amadziwanso kuti cha kumalire, kumene kuli mapiri a Mchinji ndi phiri la Kachebere, nthaka siigona pansi.

Zitunda zoterezi n'zonyenga kuposa phiri lalikulu. Phiri munthu amaliopa ndipo amalikwera mwaulemu. Koma kachitunda ka mamita 500 kamaoneka ngati kongodumpha, choncho munthu amakalimbana nako ndi mphamvu zonse. Akachita zimenezi kakhumi pa tsiku, madzulo amadabwa kuti mphamvu zapita kuti.

Aphunzitsi a triathlon amafanizira mphamvu za munthu ndi bokosi la machesi. Nthawi iliyonse imene wopalasa wadzikakamiza mpaka kupuma mwabefu, wayatsa kamtengo kamodzi. Timitengoto n'towerengeka, ndipo tikatha palibe golosale yogulako tina pakati pa ulendo.

Izi sizikutanthauza kuti pachitunda munthu azichita chidodo. Zoona zake n'zakuti pachitunda mpamene kuwonjezera mphamvu pang'ono kumapindulitsa kwambiri. Pamalo athyathyathya ndi potsetsereka, mphamvu zambiri za wopalasa zimathera kulimbana ndi mphepo, ndipo kuti liwiro liwirikize kawiri pamafunika mphamvu zowirikiza pafupifupi kasanu n'katatu. Pachitunda, pamene liwiro ndi lochepa, mdani si mphepo koma kulemera, ndipo mphamvu iliyonse yowonjezera imasanduka liwiro.

Masamu ake ndi osavuta. Tiyerekeze chitunda cha makilomita awiri chotsatana ndi mtsetse wa makilomita awiri. Wokwera pa liwiro la makilomita 8 pa ola amatenga mphindi 15. Akakweza liwiro kufika pa 10 amatenga mphindi 12, ndiye kuti wapulumutsa mphindi zitatu.

Potsika, woyenda pa makilomita 30 pa ola amatenga mphindi zinayi. Akapalasa mwamisala mpaka 40 amatenga mphindi zitatu. Waika moyo wake ndi wa kasitomala pachiswe kaamba ka mphindi imodzi yokha.

Choncho lamulo la akatswiri n'lakuti pachikweza wonjezera pang'ono, pathyathyathya yenda mwachikatikati, potsetsereka pumula, imwa madzi ndipo yang'ana kutsogolo. Mawu ofunika kwambiri apa ndi akuti pang'ono.

Nanga munthu angadziwe bwanji kuti wadutsa malire? Akunja amamangirira panjinga timakina toyeza mphamvu ya miyendo ndi kugunda kwa mtima. Wakabaza safunika zonsezo chifukwa ali ndi choyezera chaulere, chimene ndi pakamwa pake. Ngati akutha kuyankha kasitomala chiganizo chathunthu akukwera, zili bwino. Ngati akungotulutsa liwu limodzilimodzi pakati pa wefuwefu, machesi akuyaka.

Chitunda chimafunanso kuchiyamba modekha. Ambiri amachilowa ndi ukali, kufuna kuti liwiro la kumtsetse liwakwezere mpaka pamwamba, kenako amafooka chapakati. Wanzeru amayamba mofatsa, amasunga kapalasidwe kamodzi, ndipo akafika pamwamba saleka msanga. Amapalasabe kangapo mpaka njinga itatenga liwiro, kenako n'kupumula. Amene amasiya kupalasa atangofika pansonga amataya nthawi yambiri akukwawa pamalo pamene njinga ikadathamanga yokha.

Pali nkhani ya magiya. Wa triathlon akafika pachitunda amasintha giya kuti miyendo izizungulirabe mopepuka, kawirikawiri ka 80 kapena 90 pa mphindi. Njinga zambiri za kabaza zili ndi giya imodzi, choncho pachikweza miyendo imazungulira mochedwa ndi molemera, ndipo zonsezo zimathera m'mawondo ndi m'msana.

Komabe pali chimene angachite. Kagudumu ka mano ka kutayala lakumbuyo, kamene amakaniko amati fuliwilo, kamasinthika. Ngati kali ndi mano 18, kuika ka mano 20 kapena 22 kumapepukitsa njinga pachitunda. Liwiro la pathyathyathya limatsikako pang'ono, koma kwa munthu wonyamula matumba tsiku ndi tsiku, kusinthana kumeneku n'kopindulitsa.

Ndipo chitunda chikakula, kutsika n'kukankha si manyazi. Pamene njinga yolemedwa ikuyenda pa liwiro lofanana ndi la munthu wapansi, wokakamira pachishalo sakupulumutsa nthawi iliyonse, akungopsereza mawondo ndi kuika tcheni pangozi yoduka. Paja akuluakulu adati tsokonombwe adatha mtunda n'kudumpha.

Katundu ndiye nkhani ina yaikulu. Akatswiri a mpikisano amawononga ndalama zankhaninkhani kuti achotse kilogalamu imodzi yokha panjinga. Kuno zinthu n'zotembenuka. Munthu wa makilogalamu 60 pa njinga ya makilogalamu 20 akukweza makilogalamu 80 pachitunda. Akamanga matumba awiri a chimanga a makilogalamu 50 lililonse, akukweza 180, kuposa kuwirikiza kawiri. Thumba lachitatu limafikitsa pa 230.

Ngakhale njinga ya Buffalo, imene imadziwika ndi kulimba m'Malawi muno ndi ku Zambia, kaliyala yake adaipangira katundu wa makilogalamu 100. Kupyola apo, masipoko amayamba kuthyoka, limu imapindika, ndipo ndalama ya thumba lachitatu lija imakathera kwa makaniko.

Choopsa kwambiri chili potsika. Liwiro likawirikiza kawiri, mtunda wofunika kuti njinga iime umawirikiza kanayi, ndipo katundu akachuluka mabuleki ofooka sagwira kanthu. Msewu wa M12 si wa njinga zokha. Ndi njira ya magalimoto akuluakulu a katundu opita ndi kuchokera ku Zambia kudzera pachipata cha Mchinji ndi Mwami, chimene Lazarus Chakwera ndi Hakainde Hichilema adachitsekulira mu December 2022 ngati malo amodzi ochitira zonse za pamalire. Wotsetsereka ndi matumba atatu, mabuleki ali otha, akudalira mwayi basi.

Mu triathlon, munthu wopanda chipewa choteteza mutu saloledwa n'komwe kukwera njinga. Kuno wakabaza wa njinga yakapalasa wovala chipewa chotere amaoneka ngati wachilendo. Ngati chipewacho chili chodula, labala wa mabuleki si wodula, ndipo palibe chifukwa chomveka chonyamulira mwana wa sukulu panjinga imene imaima ndi chidendene cha nsapato.

Mphepo nayo imanyenga. M'miyezi ya June ndi July, mwera umaomba kuchokera chakum'mwera cha kum'mawa. Wochoka pa boma kulowera kumalire, mtunda wa makilomita pafupifupi 12, amakankhidwa kumsana ndipo amadziona ngati ngwazi. Pobwerera mphepo yomweyo imamuomba kumaso. Wodziwa njira amasunga mphamvu popita chifukwa akudziwa chimene chikumudikira.

Pa mfundo iyi wakabaza amaposa mlendo aliyense. Akatswiri akunja amafika masiku angapo mpikisano usanachitike kuti aone njira, awerenge zitunda ndi kudziwa pokhota. Wa ku Kapiri kapena ku Waliranji amadziwa dzenje lililonse la m'njira yake. Chimene chimasowa ndi kugwiritsa ntchito nzeruyo pogawa mphamvu za tsiku.

Kenako pali mimba. Thupi limasunga chakudya chopatsa mphamvu msanga chokwanira ola limodzi ndi theka kapena maola awiri a ntchito yolimba. Chikatha, munthu amamva chizungulire, miyendo imalemera ndipo nzeru zimachedwa. N'chifukwa chake akatswiri amadya ali panjinga, magalamu 30 mpaka 60 a zakudya zokhutitsa pa ola lililonse, osadikira njala.

Muyezo umenewu si wa zakudya za m'masitolo a mumzinda ayi. Nthochi ziwiri zapakatikati zafika kale pamenepo. Mbatata yophika, chinangwa, chitumbuwa kapena botolo la thobwa zimagwira ntchito yomweyo, ndipo zonsezi zimapezeka pamsika uliwonse m'bomali. Cholakwika chimene ambiri amachita ndi kupalasa kuyambira m'mawa mpaka masana osadya kanthu, kenako n'kudya phiri la nsima limene limawagoneka tulo.

Madzinso ndi chimodzimodzi. M'nyengo yotentha ya October ndi November, wopalasa amataya madzi ndi mchere wambiri kudzera m'thukuta, ndipo theka la lita pa ola si lochuluka. Kachasu amene ena amati amachotsa kutopa amangophimba ululu, amawonjezera kutha kwa madzi m'thupi ndipo amachedwetsa dzanja kufika pabuleki.

Tsono wina anena kuti zonsezi n'zokamba anthu okhuta. Wakabaza salipidwa pa ola, amalipidwa pa ulendo. Njinga zamoto zadzaza m'misika ndipo zatenga makasitomala ambiri a maulendo ataliatali. Amene akuyenda modekha, mnzake wabwerera kale pasiteji n'kutenga wina. Amene wakana thumba lachitatu, wavenda amangoitana wina amene avomere. Nanga ana adya chiyani?

Dandaulo limeneli ndi lomveka ndipo silofunika kulipeputsa. Umphawi ndi umene umamanga thumba lachitatu pakaliyala, osati umbuli. Koma ndalama ya wakabaza iyenera kuwerengedwa pa sabata ndi pa chaka, osati pa ulendo umodzi. Wopanga maulendo asanu ndi limodzi mwaliwiro n'kugona masana onse sapambana wopanga asanu ndi atatu mwachikatikati mpaka madzulo. Wodwala msana sabata yathunthu wataya zambiri kuposa mtengo wa matumba onse owonjezera amene adanyamula mwezi umenewo.

Ndipo kunena zoona, njinga yakapalasa siidzapambana njinga yamoto pa liwiro ngakhale mwini wake atapalasa mpaka kukomoka. Chimene ingapambanire ndi mtengo wotsika, kusadalira mafuta amene amasowasowa, ndi kukhulupirika. Mayi wonyamula mazira kapena tomato safuna wothamanga, amafuna wofikitsa katundu wosasweka.

Apa ndiye chala chiloze kwa makasitomala, amene ndi mabanja omwe akuwerenga tsamba lino. Ndi angati amene amakhala phee pakaliyala, mwana kumsana ndi chikwama pamiyendo, munthu akuvutika pachikweza, n'kumanena kuti achimwene fulumirani tachedwa? Kutsika n'kuyenda mamita 200 sikuchotsa ulemu wa munthu. Wopalasayo ndi mwana wa mnzanu, ndipo mwina ndi iye yekha wodyetsa banja lake.

Ogula mbewu m'nyengo ya mtedza, soya ndi chimanga nawonso ali ndi mbali yawo. Kulipira mtengo umodzi pa ulendo posayang'ana kulemera kwa katundu n'kumene kumakakamiza anyamata kudzipweteka. Mtengo uziyendera thumba ndi mtunda, ndipo njira ya zitunda ikhale ndi mtengo wake.

Magulu a akabaza m'masiteji, amene amatha kale kugwirizana za mitengo ndi mizere, angathenso kugwirizana za muyezo wa katundu ndi kuyendera mabuleki a mamembala awo. Onse akakana thumba lachitatu, wavenda sadzakhala ndi wina womuitana. Mutu umodzi susenza denga.

Makolo amene agulira ana awo njinga zopitira kusukulu za sekondale zoyendera aganizirenso zimenezi. Mwana wopalasa makilomita 10 m'mimba muli gwa, akuthamangitsana ndi anzake pachitunda chilichonse, amafika m'kalasi atatheratu. Kumudzutsa msanga pang'ono, kumupatsa mbatata ndi botolo la madzi, kungathandize maphunziro ake kuposa kumukalipira kuti amagona m'kalasi.

Pomaliza, khonsolo ya Mchinji ndi amalonda a m'bomali aone chuma chimene chili m'miyendo ya anyamatawa. Ku Rwanda, dziko la mapiri okhaokha, ena mwa okwera njinga otchuka adayamba ndi kunyamula anthu ndi katundu ngati akabaza. Mu September 2025 mzinda wa Kigali udachititsa mpikisano wa dziko lonse wa njinga zapamsewu, koyamba mu Africa. Zitunda za kumeneko zidali zowawa moti mwa amuna oposa 160 amene adayamba mpikisano waukulu, 30 okha ndiwo adamaliza, ndipo adapambana ndi Tadej Pogačar wa ku Slovenia. Chaka cha 2024, Biniam Girmay wa ku Eritrea adapambana magawo atatu a Tour de France.

Kwathu konkuno chitsanzo chilipo. Ku Mulanje, anyamata onyamulira alendo katundu paphiri adayambitsiridwa mpikisano wa Porters Race, umene udakula mpaka kukopa othamanga ochokera kutali. Mchinji ilibe nyanja yosambiramo, koma ulipo mtundu wina wa mpikisanowu wotchedwa duathlon, wongothamanga, kupalasa, n'kuthamanganso. Msewu ulipo, zitunda zilipo, ndipo tsidya linalo kuli Chipata, mzinda wodziwika ndi njinga kuyambira kale, kumene opikisana nawo sangasowe.

Mpikisano wotere, utakonzedwa bwino pamodzi ndi apolisi apamsewu ndi achipatala, ungaphunzitse m'tsiku limodzi zimene nkhani ngati ino singathe. Anthu angadzionere okha mnyamata wonyamuka ngati mphezi akudutsidwa pachitunda chomaliza ndi mnzake amene adayamba mofatsa.

Koma ngakhale mpikisanowo usabwere, phunziro likhalabe. Bambo wokankha njinga uja safuna mendulo. Iye akufuna kuti chaka chamawa adzakhale akadali pasiteji, mawondo ali bwino, ana ali pasukulu. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo mnyamata wogona pansi pa mango uja angachite bwino kudzuka n'kukamufunsa mkuluyo mmene amachitira.